Kabudula wa Chilimwe M'mwezi wa Junyu

Loweruka lina m'mawa, chisanu cha Junyu chitaluma Lichinga yense, Zélia, telala wa ku Namacula, anatulutsa mwamuna wake Adérito pabwalo atamuveka kabudula wa kapulana, nsalu ya chitenje, ndi malaya opanda manja kuti amujambule. Apongozi ake anali atanenetsa kuti likafika Dumingu, tsiku la Mulungu, tsamba lake la zithunzi pa Instagram lisanabweretse kasitomala ngakhale mmodzi, makina osokera amene anamubwereka akwera galimoto ya mbatata kupita ku Chimbonila kwa mpongozi wina, Brígida. Mayi amene aja sanena kawiri.

Adérito amagwira ntchito ku ofesi ya zanyengo. Ndi munthu woti ukamutuma kukaona ngati madzi awira, amakaonadi, n'kubwera kudzakuuza kuti awira, ketulo ataisiya pamoto pomwepo.

"Imani apo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala," anatero Zélia, foni ili m'manja. "Musanjenjemere."

"Sindikunjenjemera ine, mayi a Lídia. Likunjenjemera ndi thupi."

"Liuzeni lisiye."

"Ndaliuza. Likuti kunja kuno ndi madigiri asanu ndi atatu."

"Madigiri anuwo muziwasiya ku ofesi. Taonani apa." Anamuyandikizira foni kumaso. "Dona uyu ali ndi omutsatira mamiliyoni awiri. Akuti tsamba limayenda ukamaika zinthu zogwirizana ndi nyengo, ndipo wapanga kalendala ya chaka chonse. Werengani pa Junyu."

Adérito anawerenga mano akugundana. "Verão. Chilimwe. Dzuwa, nyanja, zovala zopepuka."

"Pronto, basi."

"Dona ameneyu amakhala kuti?"

"Ku Lisboa."

Adérito anayang'ana kumwamba, anayang'ana kumanzere, anayang'ananso kumanja. "Ndiye dzuwalo likadali kwawo komweko. Kuno ndikuona nkhungu."

"Kalendala ndi imodzi dziko lonse. Junyu wa ku Lisboa ali ndi masiku angati?"

"Makumi atatu."

"Nanga wa kuno?"

"Makumi atatu."

"Ndiye mukutsutsa chiyani?"

"Masikuwo sindikuwatsutsa. Ndikutsutsa kabudulayu."

"Bambo a Lídia, inuyo muli ndi okutsatirani angati?"

"Mmodzi."

"Ndani?"

"Inu."

"Ndipo ndinakutsatirani chifukwa cha ukwati. Khalani chete, amene ali ndi mamiliyoni awiri alankhule."

Apa ndinene chilungamo, poti wina aliyense sanena: Zélia ankalamula zonsezi atavala chijasi chake chokhuthala, chimene kuno timati kazaku, chomanga mpaka m'khosi. Anachisoka yekha, kunja zigamba za makapulana zotsala, mkati bulangete lakale.

"Nanga inu mwavaliranji kazaku, poti ndi chilimwe?" anafunsa Adérito.

"Ine sindili pachithunzi. Tsopano onekani ngati muli kunyanja."

Adérito anatong'ola maso, anaumitsa khosi, n'kukumbatira mtengo wa mapeyala ndi manja onse awiri.

"Mukuchita chiyani?"

"Kunyanja ndimakhala chonchi. Sindidziwa kusambira. Mwaiwala ulendo wa ku Metangula?"

"Siyani mtengowo. Onekani ngati munthu wina amene ali kunyanja."

"Munthu wake uti? Amadziwa kusambira?"

"Amadziwa."

"Ndiye ali m'madzi. Sangaoneke."

Zélia anapuma mozama, anajambula katatu, n'kuyang'ana pafoni. Pazithunzi zonse zitatu mtengo unaoneka bwinobwino. Mwamuna wake yekha ndiye anaoneka ngati anthu awiri ogundana.

"Chikusowa ndi thukuta," anatero. "Munthu wa m'chilimwe amatuluka thukuta."

"Langa latha. Lidzabwera mu Outubro."

"Tibwereka." Anaviika dzanja m'ndowa ya pakhomo.

"Mayi a Lídia, madzi amenewo agona panja."

Anamuwaza kumaso ndi pachifuwa. Adérito anatulutsa mawu amene sanali a Chinyanja, a Chiyao kapena a Chipwitikizi, ndipo galu wa oyandikana nawo anayankha.

"Eya, tsopano mwayamba kuwala. Gwirani tambula iyi, muzioneka ngati mukumwa zoziziritsa kukhosi."

"Ndimwe, kapena ndizioneka?"

"Muzioneka."

Tambula inavina m'dzanja mwake, madzi a malalanje n'kutayikira pa kabudula.

"Epa, kapulana wanga watsopano. Mukuchita dala inu. Mukufuna makina apite kwa Brígida."

"Sindikufuna."

"Brígida amene sadziwa n'kulowetsa ulusi pa singano. Akawaika pabalaza, n'kuyalapo kansalu, pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki. Zaka zitatu ndikupalasa makina amenewo, mawa ndikhale pakhonde manja ali m'khosi?"

"Ayi. Pakhonde pamazizira."

 Mantha a makina aja anali atamugwira Zélia kuyambira Lolemba, ndipo tsopano anasanduka mkwiyo. Anamasula mabatani a kazaku, anamuvula, n'kumukoleka pa nthambi.

"Mwandikwiyitsa mpaka ndatenthedwa. Mwaona? Verão ameneyu."

"Ameneyo ndi mkwiyo. Ku ofesi sitiuyeza."

"Tamverani. Dona akuti chithunzi chiziikidwa nthawi ya seveni ndendende, anthu akamatsegula mafoni. Kwatsala mphindi zisanu. Ine ndikukafuna magalasi a dzuwa a Lídia. Ndikachedwa, dzijambuleni nokha chithunzi chimodzi chosagwedezeka, mulembe pansi pake zimene zikuoneka, muike patsamba. Mwamva?"

"Chosagwedezeka. Zimene zikuoneka. Ndiike."

"Musawonjezere nzeru zanu."

"Sindiwonjezera."

Magalasi aja anali pansi pa bedi, kuseri kwa thumba la nyemba. Pamene Zélia ankatuluka nawo, seveni inali itadutsa, ndipo anapeza mwamuna wake ataima chilili, miyendo ili pamtunda, koma kuyambira m'chiuno mpaka m'makutu ali mkati mwa kazaku.

"Mwavala chiyani?"

"Kazaku wanu."

"Chithunzi chija?"

"Ndaika."

"Musanavale?"

"Nditavala. Munati chosagwedezeka. Ndayesa kanayi ndi malaya okha, foni imagwedezeka."

Zélia analanda foni n'kuwerenga mokweza, mawu akukwera pang'onopang'ono. "Lichinga, seveni koloko, madigiri asanu ndi atatu. Kabudula wasoka ndi mkazi wanga, ndi wozizira. Kazaku wasokanso ndi mkazi wanga, mkati muli bulangete lakale, ndi wofunda. Amene akuoneka ndine."

"Palibe bodza," anatero Adérito.

"Mwandivula pagulu. Chovala chimenechi n'cha m'nyumba, bambo a Lídia. Amayi ankatisokera zoterezi kumsasa ku Malawi kuja, nthawi ya nkhondo, ndi mabulangete olandira. Kusukulu ankatitchula ana a zigamba. Lero mwakaziika poti Lichinga yense aone?"

Manyazi amenewo anali enieni, ndipo Adérito anawaona. Anatsitsa maso. "Sindinadziwe. Ine ndimangodziwa kuti amafunda."

Foni inalira. Inaliranso. Timitima tofiira tinayamba kutuluka pansi pa chithunzi ngati ngumbi mvula ikakata.

"Ayamba kutiseka. Ine sindiwerenga. Werengani inu."

"Anifa wa ku Chiuaula. Akuti, mashallah mana, mchemwali wanga, wa mwana wa zaka zisanu alipo?"

"Akufunsa kabudula."

"Walemba kuti kazaku."

"Walakwitsa. Wina?"

"Selemane, woyendetsa njinga yamoto. Akuti pamalo pawo pamsika alipo asanu ndi anayi, m'mawa amauma manja ndi chifuwa chomwe. Abwere liti kudzayezetsa?"

"Muyankheni kuti makabudula alipo, mitundu inayi, ndi malaya ake."

Adérito analemba ndi chala chimodzi, n'kudikira. "Wayankha."

"Akuti angati?"

"Akuti kabudulayo mukampatse munthu amene munayambana naye."

"Mwano."

"Anifa wawonjezera. Akuti bamboyo mumulowetse m'nyumba, mawondo ake akumvetsa chisoni."

"Anthu a kuno sadziwa mafashoni. Chotsani chithunzicho, tiyambirenso. Valani magalasi."

"Ndichotse pamodzi ndi anthu asanu ndi anayi aja?"

"Amenewo si makasitomala a verão."

"Amayi sananene mtundu wa kasitomala. Anati mmodzi. Apa ndikuwerenga khumi, ndipo wina akulemba."

"Ine zigamba sindigulitsa."

Foni inanjenjemera m'manja mwa Adérito, ulendo uno yokha. Anayang'ana dzina, n'kuwongoka ngati ali pamzere wa mbendera. "Ndi amayi. Atumiza mawu."

Zélia anakhala pa ndowa yovundikira. "Basi. Aona miyendo ya mwana wawo. Tsegulani, tifiretu."

Mawu a apongozi anatuluka pamodzi ndi phokoso la nkhuku za ku Chimbonila. "Zélia, Brígida wandionetsa chithunzi. Miyendo ya mwana wangayo ndinaibisa zaka makumi anayi, iwe waiulula tsiku limodzi. Zimenezo tidzakambirana. Koma kazakuyo. Ine ndinawoloka malire nditavala wotero, Adérito ali kumbuyo, ndipo sanatsokomole ngakhale kamodzi. Ndinkayesa osoka ake anatha. Unkabisiranji? Makinawo asasunthe. Galimoto ya mawa ibwera ndi mabulangete awiri. Wanga ukhale ndi matumba akuluakulu."

 Zélia anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mukulira, mayi a Lídia?"

"Ndi chisanu."

"Chisanu chake chiti?"

"Musandiyambe." Anaimirira, anakonza kapulana wake m'chiuno, n'kukweza chibwano. "Ndinanena ine kuti zinthu zogwirizana ndi nyengo zimayendetsa tsamba."

"Munanena."

"Dona uja amadziwa ntchito yake."

"Ali ndi mamiliyoni awiri."

"Muuzeni Selemane abwere ndi anzakewo masana, aliyense ndi bulangete lake." Mphepo inatsika kuchokera ku mitengo ya paini, n'kumupeza ali ndi bulauzi yokha. Anadzikumbatira, mano n'kuyamba kugundana. "Pronto, zatha. Bweretsani kazaku wanga, ndazizidwa."

Adérito anamanga batani lomaliza la m'khosi, anatola magalasi a dzuwa aja, n'kumupatsa mwaulemu ndi manja awiri.

"Mwazizidwa bwanji, mayi a Lídia, kalendala ikuti ndi verão? Imani apo pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Musanjenjemere."