Msonkho wa Mfumu ndi Dengu la Kachewere

"Mfumu angailetse ndani?" anatero mtsikana wogulitsa kachewere podikirira minibasi ya chapa ku Canongola, malole a malasha akudutsa. Mnyamata wongomaliza sukulu yemwe ankakangana naye anasuzumira kumsewu. Chapa inali pafupi.

"Zinachitikapo, achemwali! Kalekale ku Mangalande, msonkho utanyanya, nduna zinaikhazika pansi mfumu n'kuiuza kuti: nanunso lamulo likumangeni!"

"Ndunazo zinkatchinjiriza nkhokwe zawo. Wadengu ngati ine analipo?"

"Panalibe, koma ufulu wa tonse unaphukira pamenepo!"

"Ndiye kawauzeni afisikale akumsika, ondidula msonkho ndisanagulitse kanthu. Chapa yanga iyo!"

"Imani kaye! Zamafumuzi ndimangofuna poyambira kucheza nanu. Dzina lanu ndani, ndipo mawa mubweranso?"