Kamera yamatabwa inandimana nkhope ya bambo

Okondedwa omvera, ine kwathu ndi kwa Nsambe ku Neno. Matipate atangoyamba, bambo anga anabwerako akudwaladwala ku Mozambique, komwe anathawira ndili mwana. Pofuna chithunzi chawo, ndinagula pa Zalewa kamera yakale yamatabwa, ija wojambula amafunda nsalu yakuda. Inali yotchipa, ndiye sindinafunse zambiri.

Bambo anavala jekete nkukhala pampando. "Mwanawe, tatulutsa mutu m'nsalumo ticheze," anatero. Ine ndinangoti, "Dikirani bambo, musagwedezeke."

Ku Blantyre wotsuka zithunzi anandionetsa pepala loyera. Njenjete zinali zitaboola chikopa cha kamerayo, kuwala nkulowa. Pobwerera ndinapeza bambo atatisiya.

Kamerayo ndikadali nayo, koma ndayamba kuiwala nkhope yawo. Anzanga, kholo likati ticheze, siyani zonse.