Mipata Itatu pa Chofunda cha Mayi Luisa

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1957 kufupi ndi Entre Lagos, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu la bambo Alexandre. Dzina lawo ndi mayi Luisa Alexandre. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Tobiasi, mlongo wawo wopondana nawo, malume wa ana awo. A kumpingo andipempha kuti ndifupikitse, ndipo ndiyesetsa. Koma chofunda cha zigamba chimene mukuchiona pabokosipo chili ndi mipata itatu yosasokedwa, ndipo ndamva kale manong'onong'o akuti malemu imfa inawapeza asanamalize. Zimenezo si zoona, ndipo sindikhala pansi ndisanazikonze.

Mu 1965 malemu anayamba sukulu ku mishoni. Anafika kalasi yachitatu basi, chifukwa bambo athu anati mwana wamkazi wadziwa kulemba dzina lake, zakwana, abwere adzathandize kumunda. Chimene anachoka nacho kumeneko ndi singano imodzi imene anawapatsa asisitere, ndi luso loigwiritsa ntchito. Kabudula wanga woyamba anasoka ndi iwowa, kuchokera ku thumba la mchere. Ankandikanda, koma ndinkayenda naye monyada.

Pa 14 Ogasiti 1976 anakwatiwa ndi bambo Augusto, amene ankagwira ntchito ya panjanji. Mulungu anawapatsa ana anayi: a Edgar, a Rita, a Hélio ndi a Alexandre. Malemu anali mlimi wa chimanga ndi chinangwa. Kusoka sikunali ntchito yawo ya malonda. Ankasoka akaweruka kumunda, atakhala pakhonde, pamanja, ndipo aliyense wowafunsa mtengo ankamuyang'ana ngati wawatukwana.

Mu 1986 nkhondo itafika kwathu, tinathawira ku Malawi wapansi, malemu atabereka mwana wina, wina atamugwira padzanja. Kumsasa wa othawa nkhondo n'kumene anayamba kulumikiza zigamba. Ankapita pamsika kukatola tizidutswa timene atelala ataya pansi, n'kumatisokerera pa mabulangete otuwa aja amene tinkalandira, kuti ana asamve chisanu. Matumba a ufa ankawasandutsa zikwama za mabuku. Mu 1988 mwana wawo wotsiriza, a Alexandre, anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka ziwiri. Manda ake tinawasiya komweko, ndipo lero palibe mwa ife amene angawaloze.

Mu 1994 tinabwerera n'kudzakhazikika kuno ku Insaca. Kuyambira pamenepo, ndani pano amene kunyumba kwake kulibe chinthu chosokedwa ndi mayi Luisa? Mwana akabadwa, kaya kwa Mkhristu kaya kwa Msilamu, kachofunda kankafika mchombo usanagwe. Mtsikana akamakwatiwa, chikwama. Mwana akayamba sukulu, chikwama. Ankasunga zidutswa za kapulana, imene anzathu a ku Malawi amati chitenje, m'mitanga itatu, ndipo ukavala malaya okongola pamaso pawo ankakufunsa kuti atha liti. Tonse tinkaseka, tonse tinkalandira. Palibe tsiku limene munthu anabweza mphatso ya mayi Luisa ponena kuti akuiopa.

Mu 2021, maso atayamba kuchita ng'ala, malemu anatiuza kuti asokera aliyense, tsopano akufuna kusoka chawo, chimene adzafunde popita kumanda. Pansi anayala bulangete lotuwa la kumsasa lija, limene analisunga zaka zonsezi. Pamwamba anafuna zigamba za anthu awo. Lamulo lawo linali limodzi: chigamba chikhale cha chovala chimene mwini wake wachivala mpaka kuchizolowera, chosaposa chikhatho cha dzanja. Nsalu ya m'sitolo ankati ilibe mwini.

Bambo Augusto anapereka kolala ya yunifolomu yawo yakale ya panjanji. Ine anandidula thumba la jekete. Mayi Mastura, anansi awo a zaka makumi atatu, anang'amba mpango wawo wopita nawo kumzikiti. A Fadili, amene amatibweretsera nsomba panjinga kuchokera ku Amaramba, anapereka mkono wa shati, ndipo malemu anauchapa kangapo fungo la nsomba osachoka, mpaka anangoti likhale, ndi mmene adzawadziwire. Ngakhale mwana amene anatsala ku Malawi uja ali pomwepo: kansalu kofiira kali pakatiko ndi ka mbereko yake. Pozungulira kansalu kameneko malemu anasiya malo atatu a ana awo amoyo.

Apa ndiye pamene pali nkhani. Zaka zinayi, abale anga! A Edgar ali ku Nampula, ankati adzatumiza. A Rita ali ku Limbe, ankati aiwala. A Hélio ali pa Cuamba pompa, pamene shapa, minibasi yathu ija, imapita ndi kubwera tsiku lililonse, ankangoseka n'kusintha nkhani. Sindikunena kuti anataya mayi awo, ayi. Mankhwala ankagula, denga la malata anakhoma, ndipo a Edgar anatumiza bulangete lalikulu la m'sitolo kuti amayi asavutike ndi zigamba. Ife tinkangoti ndi ulesi wa ana a m'tauni, tikumawakumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pa Khirisimasi ya 2023 m'pamene tinadziwa kuti sunali ulesi. A Hélio atabwera, malemu anawagwira mkono wa shati lumo lili m'manja, mwanthabwala, monga ankachitira ndi tonsefe. A Hélio anadumpha ngati aponda njoka, ndipo m'kupsa mtimako anaulula zonse. Geni ya a Rita itayamba kulowa pansi, anapita kwa mneneri wina wa m'tauni. Mneneriyo anawafunsa ngati kumudzi kuli munthu wachikulire amene akupempha kachidutswa ka chovala chawo. Atavomera, anawauza kuti munthu ameneyo akufuna kumanga mwayi wawo. A Rita anachenjeza alongo awo, ndipo atatu onse anagwirizana kuti asapereke.

Ndikunena pamaso pa mfumu, pa ansembe ndi pa inu nonse, ndipo mtima ukundiwawa ponena: mlongo wanga sanali mfiti. Mayi amene anachapa matewera anu, amene anasoka chovala chilichonse chimene munavala kufikira mutakula, akanafuna kukulodzani akanadikira kuti mumutumizire chigamba pa shapa? Munthu wachilendo amene sanaonepo ngakhale nkhope yawo munamukhulupirira tsiku limodzi. Ine malume anu ndinaimba foni mpaka kutopa, ndipo yankho linali lakuti malume, za masiku ano simungazimvetse.

Malemu sanalire pamaso pathu tsiku limenelo, ndipo sanatukwane munthu. M'mawa mwake anakhala pakhonde n'kuyamba kupinda m'mphepete mwa mipata itatu ija kuti isamasuke. Maso anali atafooka kwambiri, moti mayi Mastura ndi amene ankawalowetsera ulusi pasingano. Titawauza kuti angotseka mipatayo ndi nsalu ina, anakana, nati malo a mwana sapatsidwa kwa mlendo. Malemu anauza bambo Augusto mawu awa: ana akabweretsa iwo akadali moyo, zigamba zisokedwe ngakhale ndi dzanja la munthu wina, akadzabweretsa iwo atatseka maso, singano isadzakhudze chofundacho.

Mu Malichi chaka chino matenda a kuthamanga kwa magazi anakula, ndipo mbali ya kumanja inafa. Tinapita nawo kuchipatala cha kuno, kenako ku Cuamba, kumene madokotala anayesetsa. Mu Meyi anapempha kubwerera kunyumba. Ana onse atatu anabwera kudzawaona, anakhala pamphasa, anapemphera nawo. Chofunda chinali pamiyendo pa malemu, mipata ikuonekera, ndipo palibe anatchula. Malemu anatisiya Lachiwiri pa 17 Juni 2025, ali ndi zaka 68.

Dzulo ana afika ndi bokosi lokongola limene mukulionali. Afika ndi kapulana yofanana ya banja lonse, ndi malaya osindikizidwa nkhope ya mayi awo. Zonsezi zapezeka tsiku limodzi. Kansalu kolingana ndi chikhatho kanakanika zaka zinayi. Lero m'mawa a Rita anadula zidutswa zitatu ku kapulana yatsopanoyo n'kupempha mayi Mastura kuti asokerere msanga anthu asanaone. Mayi Mastura anapinda manja. Pamenepo a Edgar anavula shati imene anabwera nayo, akulira, nati adule pamene afuna. Ndinawamvera chisoni, pakuti ndi mwana wanga. Koma bambo Augusto anakumbutsa mawu a malemu, ndipo ife akuchikazi tavomereza. Manja a mayi Luisa atauma m'pamene mantha atha. Chofunda chipita mmene anachisiyira mwini wake, ndipo anachisiya atamaliza kuchisoka.

Malemu asiya amuna awo bambo Augusto, ana atatu, a Edgar, a Rita ndi a Hélio, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ine mlongo wawo, amene ndatsala ndekha m'mimba mwathu.

M'malo mwa banja ndithokoze mfumu yathu potipatsa malo, adzukulu amene akumba manda, amayi a kumpingo amene agona pano, ndi abale athu a kumzikiti amene abwera ndi nkhuni ndi ufa. Ndithokoze anamwino a kuno ndi a ku Cuamba, a Fadili amene anathamanga panjinga kukanena uthenga kunyanja, ndi mayi Mastura amene anakhala maso a malemu pamene awo anatha.

Tikamaona nkhope, mudutsa pafupi ndi chofundacho. Amene chigamba chanu chilipo, chigwireni, mutsanzike. Edgar, Rita, Hélio, ana anga, inunso musadutse chowerama. Ikani dzanja pamene bulangete lotuwa likuonekerapo. Malo amenewo ndi anu, amayi anu sanawapereke kwa munthu wina.

Mlongo wanga Luisa, singano ija tulani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.