Maliro a Kapamba wa a Hector

Atatuluka m'chipatala, a Hector a ku Unit G, m'Chitungwiza, sanafikire pabedi monga anawauzira dokotala. Anamanga kansalu kofiira pageti, chizindikiro cha maliro, n'kutumiza mawu kwa a Masauko kuti abwere msanga. A Masauko anali sahwira wawo, mnzako uja amene mwambo wa Chishona wa kuno umamupatsa ntchito yoyendetsa maliro ako ndi kukunyoza uli m'bokosi, ndipo anali munthu woti ukamuuza kuti dikira pano, umamupeza pomwepo mvula itamunyowetsa.

"Kalanga ine!" anatero a Masauko ali pakhomo, chipewa chili m'manja. "Watisiya ndani?"

"Kapamba."

"Wa ndani?"

"Wanga. Ukuganiza kuti ndingamangire nsalu kapamba wa mbuzi?"

A Masauko anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumasilipasi. "Koma inu mwakhala pa sofa."

"Ndakhala, inde. Khala nawenso umve." A Hector anagwira kumanzere, kunsi kwa nthiti. "Sabata yatha chinandibaya apa, ululu n'kukwera mpaka paphewa. Anandilowetsa m'chimakina chojambula m'kati mwa munthu. Kadokotala kake n'kakang'ono kuposa mwana wanga Tarisai. Kakuti mtima wanga ukugunda mopanda dongosolo, ndiye magazi anaundana, kachibulumwa n'kupita kukatseka mtsempha wopita kwa kapamba. Mbali imene magazi sanafike, yafa."

"Yafa?"

"Mawu ake ndi amenewo. Zili ngati mpopi wa kuno. Akatseka kumtunda, a kumapeto amauma."

"Koma madzi amabweranso nthawi zina."

"Apa sadzabweranso."

A Masauko analoza kabotolo ka mapilitsi patebulo. "Nanga awa?"

"Akuti osungunula magazi, ndizimwa tsiku ndi tsiku. Ndinafunsa mkulu wina wa bedi loyandikana ndi langa. Akuti ndi omwe aja amaphera makoswe. Ine ndine khoswe?"

"Dokotala anati muzimwa."

"Dokotala anati yafa. Ine ndatolapo zimene ndazimva bwino."

Chimene a Hector sananene n'chakuti nsalu ija anaimangira ana awo. Tarisai amakhala pa lendi ku Zengeza 3, Kudzaishe pa lendi ku Unit A, mtunda wa kombi imodzi, minibasi ya kuno, koma chiikireni mayi awo, a Florida, palibe amene anapondapo phazi pakhomo. Bambo ali m'chipatala anangotumiza pafoni kachithunzi ka manja opemphera. Koma pamaliro ana a masiku ano sajomba. Amafika atavala magalasi akuda, n'kudziponya pansi kuti anthu aone. A Hector ankafuna misozi imeneyo aione ndi maso awo, asanatsekeredwe m'bokosi.

"Imbira Tarisai," anatero. "Umuuze kuti kwa bambo ake kwagwa zovuta. Basi. Osawonjezera."

"Tiimba. Koma maliro sayamba ndi foni. Thupi lili kuti?"

"Thupi lanji?"

"La malemu."

"Lili m'kati muno, nanga likhala kuti?"

"Ndiye dzukani pa sofa."

"Chifukwa?"

"Thupi limagona pansi pabalaza, mipando imatuluka panja. Pa maliro a mayi Florida tinatero." A Masauko anaika chipewa pambali, kulavulira m'manja, n'kuyamba kukoka sofa eni ake ali pomwepo.

"Iwe! Iwe Masauko! Ukundigwedeza pobaya!"

"Mtembo suyankhula."

"Mtembo ndi kapambayo! Ine ndine namfedwa!"

A Masauko anasiya sofa n'kuganiza. "Chabwino. Namfedwa amakhala pambali pa mtembo. Khalani pambali pake tione."

A Hector anayang'ana nthiti zawo, kuyang'ana mnzawo, n'kutsonya.

"Nanga dzenje?" anapitiriza a Masauko. "Anyamata akumbe lalikulu bwanji? Chifukwa ngati n'la kapamba yekha, khasu la m'dimba likwana. Koma ngati mukumuperekeza…"

"Palibe kukumba! Akuti mbali yakufayo idzafota yokha n'kusanduka chipsera momwemo."

"Saitulutsa?"

"Aitulutse ndani? Mpeni pa ine? Anthu aja amatsegula munthu n'kuiwalamo sizasi?"

"Ndiye kuti waikidwa kale."

"Eya."

"Mwa inu."

"Eya, wayamba kumva tsopano."

"Ndiye kuti manda ndinuyo."

"Chiyani?"

A Masauko anabwerera m'mbuyo, kuvula nsapato, n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Pepani kwambiri. Ndakhala ndikukulozani ndi chala."

"Vala nsapato zako, mapazi ako akupha ntchentche!"

"Kumanda sitilowa ndi nsapato. Chaka chamawa tidzawaka chiliza, koma musade nkhawa, simenti tidzathira kumanzere kokha. Maluwa mukufuna apulasitiki kapena enieni? Apulasitiki amakhalitsa, makamaka poti manda ake ndi oyendayenda."

"Masauko, unabadwa chonchi kapena anakugwetsa ali kudimba?"

"Ndinabadwira m'kompaundi ya mgodi, monga inu. Dimba kunalibe."

A Hector anatseka maso. Zaka zonsezi anali kudzifunsa chimene chinawalowa kuti asankhe sahwira wotere, anthu anzeru ali mbwee m'Chitungwiza. Atatsegula maso anapeza mnzawoyo akuchotsa jekete lawo lotuwa pamsomali wa kuchitseko, lija la kutchalitchi.

"Ukulipititsa kuti limenelo?"

"Sahwira amavala zovala za malemu."

"Kapamba alibe jekete!"

"Ankapita kutchalitchi wamaliseche?"

"Anali m'kati mwa ine!"

"Inu munali m'kati mwa jekete. Ndiye ankavala." A Masauko analowetsa dzanja lamanzere lokha, mbali inayo n'kuisiya ikulendewera kumsana. "Mwaona? Sindikuberani. Dzanja lamanja ndi lanu mpaka tsiku lanu."

"Wakuba amene amaba theka ndi wakuba ndithu."

"Tsopano ana akafika, ndiyenera kuyenda monga ankayendera malemu, ndi kuulula zonse zimene ankachita ali moyo. Anthu aseke, chisoni chichepe."

"Ulula. Kapamba analibe mlandu ndi munthu. Ntchito yake inali kusefa magazi basi."

"Masiku aja munkauza mayi Florida kuti mukupita kumsonkhano wa bungwe la maliro, inu n'kukhotera kwa Rosina ku Zengeza, kapamba ankatsala kunyumba?"

Panja mayi wina anadutsa akukankha wilibala ya zigubu za madzi, ikulira kwiyo kwiyo.

"Kapena ankadikira pageti?" anafunsa a Masauko.

"Tseka pakamwa."

"Ndikungofuna kudziwa kuti ndisamunamizire. Wakufa sanamiziridwa. Ngati ankalowa nawo, ndinena kuti ankalowa nawo."

"Ukanena zimenezo pamaso pa ana anga, nsalu ija ndikaimanga pageti pako!"

"Sahwira sakwiyiridwa. Munandisankha nokha. Ndipo tsiku lija munalumpha mpanda mwamuna wa Rosina atabwera, buluku n'kutsalira pawaya, ndiyenera kuonetsa mmene malemu analumphira. Anali mbali ya kumanzere, ndiye ndidzalumpha chammbali."

A Masauko anayesera pomwepo. Anakweza mwendo, jekete likupupiza kumsana, n'kutera pafupi ndi tebulo. Kabotolo kaja kanagwa n'kugubuduzika. Anakatola n'kukayang'anitsitsa.

"Awa ndi a malemu kapena ndi anu? Ngati ndi a malemu, tigawa pamodzi ndi zovala."

"Tenga, ndakupatsa."

"Dokotala anati mukapanda kumwa chichitike n'chiyani?"

"Amangoopseza anthu aja. Akuti kachibulumwa kena kangachoke mumtima n'kupita kumutu, kapena kumatumbo, kapena kumwendo."

"Kumutu mungafe?"

"Akuti."

"Yense?"

"Nanga munthu amafa kangati?"

"Inu mwayamba kufa pang'onopang'ono, ndiye ndifunse. Koma ngati zili choncho, bwanji tingodikira tichite maliro amodzi? Nkhuni zavuta masiku ano, kabichi nayenso wakwera. Lero kapamba, mawa mwendo, mkuja mutu, anthu atopa nanu."

"Ndati imba foni!"

"Ndiimbe monga sahwira wa kapamba kapena wanu?"

"Imba monga chitsiru, ndi udindo umene uli nawo kale! Ndipo umve bwino: kwagwa zovuta. Mawu awiri. Akafunsa zina, uziti bwera udzaone."

"Akafunsa ndiyankha. Ine sindinama, ndine mkulu wa mpingo."

"Ndani wati uname? Pali imfa kapena palibe?"

"Ilipo."

"Nsalu ili pageti kapena palibe?"

"Ilipo."

"Ndiye imba."

A Masauko anatulutsa kafoni kawo komanga ndi mphira, kukatalikitsa ndi maso, n'kudina ndi chala chimodzi ngati akupha nsikidzi. A Hector anakhala tsonga, khutu lili tcheru.

"Tarisai? Ndine sekuru Masauko. Mwanawe, limba mtima. Kwa bambo ako kwagwa zovuta."

Kulira kumene kunatuluka m'kafoni kaja kunamveka mpaka kukhitchini. "Maiwe! Baba vangu! Baba vangu kani!" Mwanayo ankalira m'Chishona, monga amayankhira chilichonse, koma a Hector lero sanadandaule. Anagwira pachifuwa. Maso awo ananyowa. Mwana uja anamunyamula paphewa popita naye kukatemera, lero akuwalira chonchi! Anagwedeza mutu kuuza mnzawo kuti apitirize.

"Akufunsa kuti zachitika liti," ananong'ona a Masauko, kenaka n'kubwerera pafoni. "Sabata yatha, mwanawe."

Kulira kunakwera. A Hector anavomereza ndi mutu. Mpaka apa chitsiru chinali kuyenda bwino.

"Sitinakuuzeni msanga chifukwa ifenso tamva lero… Tamva kwa eni ake… Ayi, sali kumotchale. Ali pa sofa."

A Hector anayamba kukupiza manja ngati munthu woimitsa kombi.

"Ayi, mtembo suli pa sofa. Mtembo uli m'kati mwawo. Iwo ndi manda… Eya, ali pano, akundikupizira manja… Tsopano akundilozera chibakera."

Kulira kuja kunazima ngati magetsi.

A Masauko anaphimba foni ndi chikhato. "Akufunsa kuti mwafa mbali yaikulu bwanji."

"Muuze abwere adzaone!"

"Adzaona bwanji zili m'kati? Anakuonetsani pachithunzi. Inali yaikulu bwanji?"

A Hector anakukuta mano, n'kutukula chala chachikulu.

"Ngati chala chachikulu, mwanawe. Kwina konseko ali moyo. Pakamwa ndiye pali moyo kwambiri… Kudya akudya… Mapilitsi anawapatsa, koma akukana, akuti si khoswe… Eya… Eya… Ndiwauza."

Foni inaduka. A Masauko anaibweza m'thumba la jekete la eni ake, mbali ya kumanzere.

"Akuti chiyani? Akwera kombi?"

"Akuti, mozotiudza kana zvanyatsoitika."

"Ndi zokhazo?"

"Kutanthauza kuti tidzawauze mukamaliza kufa."

"Chishona ndimamva, galu iwe! Ndikufunsa ngati ndi zokhazo!"

"Ayi, zilipo zina. Akuti iye ndi Kudzaishe sangatseke ntchito kawiri chifukwa cha munthu mmodzi. Akuti pa mapilitsi tisakukakamizeni, ndinu wamkulu, mukudziwa chimene mukuchita. Akutinso makiyi a nyumba musamawabise kutali, kuti tsikulo asadzavutike kuthyola chitseko. Mwana waulemu, wamaliza ndi kuti mupereke moni kwa malemu."

A Hector anayang'ana denga limene anakhoma okha, zenera limene anaika okha, pansi pamene a Florida ankapaka polishi wofiira mpaka maondo kuchita zikang'a. Kunsi kwa nthiti kunabayanso pang'ono, koma sanagwirepo.

"Madzi," anatero.

"Osambitsira mtembo? Ofunda kapena ozizira?"

"Akumwa!"

A Masauko anatunga m'chigubu n'kubwera ndi kapu. A Hector analanda kabotolo kaja, kutsegula ndi mano, kuponya piritsi pakamwa, n'kumwa madzi onse mpaka kapu kuloza kudenga.

"Aa! Nanga maliro?" anafunsa a Masauko. "Ine ndavala kale jekete."

"Vula. Kachotse nsalu pageti. Ndipo kuyambira mawa uzifika pano m'mawa uliwonse kudzaonetsetsa kuti ndamwa."

"Mpaka liti?"

A Hector anapukuta pakamwa, n'kukhazikika bwino pa sofa.

"Mpaka ana amenewo amere imvi ali pa lendi."