Maseche Kumwendo kwa Mwana Wanga

Ndine mayi wokalamba wa ku Chikweo. Zimene ndikukambazi zinachitika dziko lino likutchedwa Nyasaland, amuna anga ali kumigodi ku Joni.

Mwana wanga wachisamba ankadwala khunyu. Komanso sankakhazikika: ukangocheuka, wapita. Mtima wanga unkangokhala uli m'mwamba, kuopa moto, kuopa chitsime. Ndiye ndinamumanga maseche ovinira kumwendo kuti ndizimva kumene ali. Anthu ankaseka. "Mwanayu mwamuyesa chiweto kodi?"

Tsiku lina tinkatentha mitengo ya thonje titatha kukolola, monga boma linkalamulira. Ndili chiweramire, ndinamva masechewo akulira mwachilendo, osati ngati munthu akuyenda, koma kunjenjemera osalekeza. Ndinaponya khasu n'kuthamanga. Ndinamupeza atagwera pamoto, dzanja lili pamakala, thovu lili kukamwa, anthu atangoima patali.

"Iyayi achemwali, musamukhudze!" anakuwa achimwene anga enieni. "Thovulo likakukhudzani, nanunso muyamba kugwa!"

Ndinamukoka, n'kumupukuta thovulo ndi dzanja langali. Asisitere a kumishoni anamumanga mabala, koma zala ziwiri sizinawongokenso. Achimwenewo sindiwasungira mangawa. Nawonso anali ndi mantha.

Omvera anzanga, dzanja lomwelo ndakhala ndikudyera mpaka mano atha m'kamwa, koma sindinagwepo ngakhale kamodzi. Munthu akagwa, musathawe thovu, muchotseni pamoto.

Mwana uja anakula, anatisiya ali ndi imvi zake. Koma mpaka lero, ovina akamadutsa ndikamva maseche, ndimataya chimene ndagwira.