Ndinakalipira Mwana Wogwada Pakhomo la Ofesi

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, koma musayembekeze zokoma zokhazokha. Mtima wanga ukuwawa.

Ambiri mukundidziwa, ndimaphunzitsa ukalipentala pa koleji ya ntchito zamanja. Chaka chino anandipatsanso phunziro la ana ongofika kumene, lowazoloweretsa moyo wa pa koleji: kulemba manotsi, kusunga nthawi, kufunsa pamene sunamve. Sabata ndi sabata ndinkawauza kuti, "Funsani! Bwerani ku ofesi!"

Panali mtsikana wina, Esinati, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya ku Nsaru. Tsiku lina anabweradi. Anagwada pakhomo, maso pansi, kope m'manja, kudikira kuti ndiyambe ine kulankhula, monga achitira mwana woleredwa bwino. Ine ndinali nditatopa, ndipo mkwiyo wanga mukuudziwa, eti? Ndinakuwa pamaso pa anzake: "Iwe, dzuka! Kuno si kumudzi! Ngati ulibe chonena, choka!"

Anadzuka. Anachoka. Sanafunsenso kanthu teremu yonse. Mayeso analephera, koleji inati azipita kwawo.

Abale, ndinamulepheretsa ndine. Ine! Wophunzitsa kufunsa, ndinatseka mwana pakamwa. Kupemphera kunandikanika. Kudya kunandikanika. Akazi anga ali pompano, afunseni.

Loweruka ndinapalasa njinga mpaka ku esiteti. Ndinamupeza m'chigafa akusoka fodya ndi makolo ake. Ndinati, "Mwana wanga, ndinalakwa. Ndachonderera akuluakulu a koleji, alola kuti ulembenso mayeso."

Bambo ake anati, "Aphunzitsi, mwanayu tinamuphunzitsa ulemu, inu munauyesa uchitsiru. Kodi tikamubwezera kwa inu, akakhale wotani?"

Funso limenelo likundivutabe mpaka lero.

Esinati sanandiyang'ane. Anangoti, "Ndamva."

Basi. Mayesowo ndi Lachitatu likubwerali, ndipo sindikudziwa ngati abwere. Akapanda kubwera, sukulu yake yathera pomwepo, ndipo mlanduwo ndi wanga.

Chimene Mulungu wandichitira ndi chimodzi chokha. Ine, munthu wosapepesapo chibadwire, anandinyamula n'kukandipepesetsa kwa mwana. N'chochepa, ndikudziwa, koma ndikumuthokoza. Kondwerani nane pa kochepako. Ndipo Lachitatu m'mawa, kaya muli kumunda kaya kumsika, chonde mum'pempherere Esinati kuti afike. Amen.