Chiwaya cha Amake Luwiza

Pa siteji ya minibasi ku Kamwendo, bambo ena achikulire anafukata chiwaya chachitsulo chakuda bii. Mayi wogulitsa mandasi, wosawadziwa n'komwe, anawafunsa:

"Bambo, makoko onsewa? Simunachikweche?"

"Masiku atatu, mayi. Akukana kuchoka."

"Chiikeni pa makala amoto mpaka makokowo asweke. Chikazizira, mukweche ndi mchenga ndi phulusa, kenako muchipake mafuta."

"Malemu akazi anga anakhala akukazingiramo zitumbuwa zaka makumi atatu. Mwana wathu Luwiza akukwatiwa Loweruka, ndiye wangopempha chimenechi basi."

"Chiyera ndithu, musadandaule."

"Ndichiike pamoto ndi chogwirira chomwe?"

"Mukafuna."

"Ayi. Mwaona posalalapa? Ndi pomwe amayi akewo ankagwira."

"Ndiye chogwiriracho chisalowe pamoto, bambo. Musapakweche. Luwiza adzagwira pomwepo."